Bala Lalikulu Kapena Timabowo

Ine ndinabadwa wamiyendo. Ku Biwi aliyense amene anandidziwa ndisanapite kunja angakuuzeni kuti minibasi siinkadya ndalama yanga. Ndinkasenza dengu la zitumbuwa, n'kudutsa pakati pa owotcherera zitsulo ndi opala matabwa, n'kukafika m'tauni anzanga okwera galimoto akudikirabe kuti idzaze. Achimwene anga a Filimoni, amene ankakhoma mipando m'mbali mwa msewu, ankandikuwa kuti, "Kodi iwe ukuthamangitsa ndani?" Ndiye ndikamakamba za mwendo, dziwani kuti ndikukamba za chinthu chokhacho chimene ndinkanyadira pathupi langali. Nkhope ayi, imeneyo Mulungu anapatsa ena.

Ndinachoka njala ija itangotha kumene, bambo a Ndaziona atamwalira kale. Ndaziona ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, ndipo nthawi imeneyo anali atangoyamba sekondale. Ndinamusiya m'manja mwa achimwenewo ndi alamu. Padepoti sanalire. Anangondigwira nsonga ya chitenje ngati kamwana mpaka kondakitala atakuwa, kenako anati, "Amayi, musakachedwe." Ndinamuuza kuti ndikangopeza ya sukulu ndibwera. Tonse opita ku Joni timanena bodza limeneli, ndipo timalinena tikulikhulupirira.

Kwathu dziko lonselo ndi Joni, koma ine ndinakathera ku Durban. Ndinapeza ntchito yosamala agogo ena achimwenye amene miyendo yawo inali itafooka. Kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwakhazika pa chikuku, kuwatulutsa padzuwa, zonsezo zinali zanga. Anali agogo olongolola koma opanda njiru, ndipo mwana wawo wamwamuna, yemwe anali ndi sitolo ya nsalu, ankandilemekeza.

Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina, tili awiri. Mnzangayo anali Abiti Yusufu, wa ku Kawale, makolo awo ochokera ku Mangochi. Tinadziwana pokwerera mataksi, nditamva mayi wina akukalipira nsapato yake yoduka lamba m'Chichewa chenicheni. Tangoganizani, Biwi ndi Kawale n'poyandikana, mwina tinkaguliranso tomato pabenchi limodzi, koma tinakadziwirana kutsidya kwa mayiko. Iwo ankasoka makatani m'fakitale. Anali munthu wodekha mpaka kukwiyitsa: kusenda mbatata imodzi ngati akuipempha chilolezo. Ine ndinkawatcha a Nalimata, iwo ankanditcha Ambulansi. M'poto wawo sindinkaphikiramo kapado, nyama ya nkhumba ija, ndipo patapita nthawi ndinangomusiya kapadoyo osadziwa n'komwe kuti ndamusiya liti. Akayala mkeka kuti aswali, ndinkatsitsa wailesi. Lamlungu ndikamavala zopita kutchalitchi, ndiwo ankandimangira duku, chifukwa ati ine ndimamanga ngati ndikuthawa moto.

Kumapeto kwa mwezi tinkapita limodzi kwa madalaivala opita kumudzi kukapereka kangachepe ndi katundu. Nsapato zimene ndinkagulira Ndaziona zinkakafika zitamuchepera, chifukwa m'mutu mwanga phazi lake silinkakula. Zimenezo zinkandiwawa kuposa kuzizira kwa kumeneko.

Ngoziyo inachitika m'mawa wina kubafa. Agogo aja anaterereka ndikuwatulutsa m'madzi, ine n'kuwawakha kuti mutu usamenye pansi. Iwo sanavulale. Koma mwendo wanga wamanzere unatsetsereka pamatailosi onyowa n'kupita kwaokha, ndipo ndinamva chinthu chikuti thu m'mbali mwa chiuno, pamwamba pa ntchafu. Ndinaluma mano, n'kupitiriza ntchito. Munthu wapaulendo sadwala, amangotopa. Abiti ankandithowa ndi madzi otentha, ndinkapaka mafuta onunkha aja, n'kumati mawa zisintha.

Sizinasinthe. Miyezi inadutsa ndikulephera kugonera mbali imeneyo. Masitepe anasanduka phiri. Choipa kwambiri chinali kayendedwe: ndikaponda ndi mwendo wovulalawo chiuno chinkagwera mbali inayo, thupi lonse n'kupendama ngati wilibala ya tayala lokhota. Ndinadziona tsiku lina pagalasi la sitolo, ndipo ndinaima pompo n'kulira anthu akudutsa. Sindinkalirira ululu. Ndinkaganiza zokatsika basi ku Lilongwe ndikutsimphina chonchi, Ndaziona akundiona.

Mwana wa agogo uja ndi amene anati izi zachitikira m'nyumba mwawo, ndiye anditengera yekha kwa dokotala wa mafupa. Abiti anandiperekeza chifukwa Chingerezi changa chimathera pa moni ndi kutsutsa mtengo. Atandijambula m'makina aja olowamo thupi lonse, dokotalayo anatikhazika pansi. Anali mzungu wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anati mnofu umene umagwira chiuno kuti chisagwere mbali munthu akaponda ndi mwendo umodzi unang'ambika pamene umamatirira kufupa, ndipo poti ndinachedwa, unabwerera m'mbuyo ngati lasitiki woduka. Mankhwala sakanaubweza. Panafunika opaleshoni, ndipo njira zake zinali ziwiri.

Yoyamba inali yakalekale. Amacheka m'mbali mwa chiuno bala lotalika ngati chikhatho, n'kuona mnofuwo ndi maso, kuukoka ndi manja, n'kuusokerera kufupa ndi ulusi wolimba womangirira pa timisomali. Bala lake ndi lalikulu, limapweteka kwambiri masiku oyamba, ndipo limafuna kuliyang'anira kuti lisalowe mafinya. Yachiwiri inali yatsopano. Amangoboola timabowo tingapo, n'kulowetsa kakamera konga cholembera, dokotala n'kumasoka ndi tizitsulo tatitali akuyang'ana pa kanema. Timabala take timapola msanga, ndipo kuchipatala sukhalitsako. Koma anatiuza mosabisa kuti njira imeneyi imayenda bwino pamene pang'ambika pang'ono. Panga panali patang'ambika kwambiri. Akanatha kuyesa, koma ngati mnofuwo sukanakokeka mokwanira ukanatha kudzamasukanso, kutsimphina n'kukhala kwanga mpaka kale. Njira zonse ziwiri, anatero, ndidzayendera ndodo kwa milungu ingapo. Kenako anapinda manja n'kunena kuti thupi ndi langa, ndikaganize.

Tili m'taksi Abiti anati, "Amake Ndazi, nkhani yake njosavuta. Thumba la diresi likang'ambika pang'ono umangolowetsa singano. Likang'ambika lonse umamasula msoko kuti uone chimene ukusoka."

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima wanga unali kwina. Pa zonse zimene ananena dokotala uja, ine ndinatolapo chimodzi: bala lalikulu, masiku ambiri m'chipatala. Ndipo kwathu masiku ambiri m'chipatala ndiye kuti gadiyani. Ndinakhalapo gadiyani wa bambo a Ndaziona mpaka tsiku lawo lomaliza, ndiye ndimadziwa. Gadiyani ndi amene amaphika phala kukhitchini ya odikirira odwala, kuchapa zofunda, kutaya beseni, kutembenuza wodwala, kukaitana nesi mpweya ukasintha. Pabedi loyandikana ndi lathu panagona bambo wina wopanda aliyense, ndipo ndinaona ndi maso angawa mmene munthu wopanda gadiyani amaumira milomo. Sindinamufunse dokotala za zimenezi. Ndani amafunsa ngati mvula imanyowetsa?

Munthu salowa pampeni abale ake osadziwa. Lamlungu masana ndinaimba foni kwa achimwene, amene nthawi imeneyo anali atagula yawoyawo, ndipo banja lonse linaunjikana pakhonde kumvera.

"Wokudikirira ndani kumeneko?" anafunsa achimwene. Sanafunse n'komwe za mnofu. "Mlongo, sankha timabowoto, utuluke msanga. Bala lalikulu kudziko la eni ndi imfa."

Alamu analanda foni n'kunena kuti ndingobwerako, kutsimphina si mlandu, ambiri akutsimphina ndipo akudya. Kenako kunabwera mawu a mzimayi amene sindinawazindikire msanga.

"Amayi, ndine. Ndisiye kaye maphunzirowa ndidzakudikirireni?"

Anali Ndaziona, amene nthawi imeneyo ankaphunzira uphunzitsi. Ndinamukalipira kwambiri, kuti akangoyerekeza adziwe kuti si mwana wanga. Ndinadula foni. Ndinauza Abiti kuti zatha, ndikachita za timabowo.

Iwo anali akupinda mpendero wa siketi. Anamaliza mpenderowo, analuma ulusi, anabaya singano pa duku lawo, kenako n'kunditembenukira. Zaka zonse zija ndinali ndisanawaonepo atakwiya.

"Kodi ine m'nyumba muno mumandiona ngati kabati?"

"Abiti, inu muli ndi ntchito. Muli ndi ana kumudzi."

"Makatani sathawa."

"Si m'bale wanu ine. Beseni la munthu ndi nkhani ina."

"Ndiye mukatsimphine moyo wanu wonse chifukwa choopa kundipatsa beseni? Kufakitale ndikuona anthu akuyenda mokhota tsiku lililonse, safuna kutero. Inu mwapatsidwa mwayi mukuuponda. Kawauzeni adokotala acheke lalikululo, aone bwinobwino. Gadiyani ndine."

Ndinalira, iwo n'kundiuza kuti ndisawanyowetsere siketi ya eni.

Tsiku lolowa m'chipatala Abiti anakonzeka ngati mmene mayi aliyense wa ku Kawale akanakonzekera. Anamanga mkeka, ndowa, beseni, mapoto, kasitovu ka parafini, ufa wa phala, fulasiki, ndi zitenje zosinthira. Zonse anaziika mu ndowa ndi m'beseni n'kusenza pamutu. Tinalowa choncho pa zitseko zagalasi zotseguka zokha, ine ndikupendama kutsogolo, iwo m'mbuyo ndi mtolo wawo, mapoto akulira. Mlonda anatithamangira. Kunabwera nesi wina wachizulu, mayi wonenepa bwino, n'kufunsa ngati tikusamuka. Abiti anafotokoza mwaulemu kuti iwo ndi wodikirira wodwalayu, angowasonyeza kophikira ndi pogona.

Nesi uja anaseka mpaka kugwira khoma. Atapukuta misozi anatiuza kuti kuno wodwala amasambitsidwa ndi manesi, chakudya chimachokera kukhitchini ya chipatala, zofunda amachapa okha, ndipo abale amangobwera nthawi yoona odwala basi. Palibe amene amagona pansi pa bedi.

Tinayang'anana. Msonkhano wonse wa pakhonde ku Biwi, misozi yonse ija, mwana kufuna kusiya sukulu, zonsezo zinali za chinthu chimene kunalibe. Ndinatsala pang'ono kusankha njira yosayenera mwendo wanga chifukwa cha ndowa. Ine ndinayamba kuseka, koma Abiti anakhumudwa zenizeni.

"Chipatala chanji chopanda gadiyani?" anatero m'Chichewa. "Ndiye munthu akafuna kukanda pamsana amauza ndani?"

Kunyumba anakana kubwerera. Anakakhala pabenchi panja ndi katundu wawo yense, ndipo nthawi yoswali ikakwana ankayala mkeka uja pakapinga kuseri kwa magalimoto. Nditatsitsimuka ku mankhwala ogonetsa, chiuno chikuyaka ngati aikapo khala, nkhope yoyamba kuiona inali yawo. Ankandinyowetsa milomo ndi kansalu, uku akudandaula kuti manesiwa sadziwa kufunditsa munthu, mapazi asiya pamtunda. Dokotala anabwera n'kunena kuti atatsegula anapeza pong'ambikapo pali pakulu monga ankaganizira, koma mnofuwo anaukoka n'kuumanga bwino. Zotsala zinali kwa ine: ndisauponde mwendowo asanandiuze.

Ugadiyani weniweni unakayambira kunyumba. Kuchipatala akakutulutsa ndiye kuti manesi atsala komweko. Sindinkatha kuwerama, kapena kukweza mwendo pabedi ndekha. Chimbudzi chinali panja, kumapeto kwa mpanda. Abiti ankandigwira m'khwapa, ine ndi ndodo zanga, n'kumapita pang'onopang'ono anthu a nyumba yaikulu akutiyang'ana pawindo. Ankandisambitsa ndili pampando. Bala ankalitsuka monga anawaphunzitsira nesi wachizulu uja, amene pomaliza anasanduka mnzawo. Ankasamba m'manja, kuchotsa bandeji mosakoka, kuyang'anitsitsa msoko wonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, kununkhiza ngati pali fungo, kenako n'kunena maganizo awo ngati telala: "Mzunguyu amasoka ndithu, koma apa anathamanga." Manja awo odekha aja, amene ndinkawaseka posenda mbatata, sanandipwetekepo ngakhale tsiku limodzi.

Wovuta ndinali ine. Ululu utangochepa ndinayamba kuyesa kuponda, kufuna kusesa, kufuna kupita kumsika. Anandigwira tsiku lina ndili pakhomo ndi ndodo imodzi. Anatenga nsapato zanga zonse n'kuziponya pamwamba pa denga la chimbudzi.

"Kuthamanga si kufika, Ambulansi. Ndasenza mapoto pamaso pa azungu chifukwa cha mwendo umenewu. Si wanu nokha tsopano."

Atabwerera kufakitale anapeza pa makina awo pakhala munthu wina. Anandiuza akuvula nsapato, ngati akunena za mtengo wa anyezi. "Makatani aja anathawa ndithu," anatero, n'kuseka. Ine sindinaseke. Anavutika miyezi ingapo ndi maganyu osoka mayunifomu asanapezenso pokhazikika, ndipo nthawi yonseyo sanalole kuti nditchule nkhaniyi.

Ndodo ndinasiya imodzi, kenako inayo. Kuchipatala anandiphunzitsa zolimbitsa mnofuwo, kugona chammbali n'kumakweza mwendo, kuima ndi mwendo umodzi nditagwira khoma, ndipo Abiti ankandiyang'anira ngati kapitawo. Tsiku limene ndinayenda mumsewu wopanda chogwira, iwo anatsalira m'mbuyo dala kuti aone chiuno. Ndinayenda mpaka pa golosale ya pakona, mtima uli m'mwamba, osayerekeza kucheuka. Kenako ndinamva akukuwa, munthu amene sankakweza mawu: "Chaima! Amake Ndazi, chiuno chaima!"

Agogo aja atamwalira ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Abiti sakanabwera. Ana awo anali adakali pasukulu, ndipo mapepala awo anali oti akangotuluka sakanalowanso. Anandipatsa kaphukusi ka amayi awo ku Kawale, diresi losoka okha ndi mpango. Pokwera basi sanalire. Anangonena kuti ndikakhale kumpando wa m'mbali kuti ndizitambasula mwendo.

Biwi ndinaipeza itathithikana kuposa kale, pamene panali bwalo pali mashopu. Achimwene anali ndi imvi ndi magalasi. Ndaziona anali mphunzitsi, mzimayi wamkulu wa makiyi ake, ndipo anandipatsa madzi atagwada ngati ndine mlendo wochokera kumpingo. Zinandiwawa, koma ndikanadandaula kwa yani? Ndinasiya kamtsikana, ndipo kanakula popanda ine. Ndinkangomuona akuba maso kuyang'ana mmene ndikupondera.

M'mawa mwake ndinati tipite ku Kawale. Iye anati tikwere minibasi, ine ndinati ayi. Tinayenda wapansi, ndipo tisanafike n'komwe pamsika anali akupuma mwamphamvu m'mbuyo mwanga. "Amayi, tadikirani, kodi anakuikani injini?" Kanali koyamba kundiseka chibwerereni, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Amayi a Abiti tinawapeza m'kanyumba ka kuseri kwa mzikiti, atakhala pamkeka. Anali okalamba kwambiri, maso atachita ng'ala moti ankangoona mithunzi. Diresi analisisita pang'ono n'kuliika pambali. Iwo ankafuna mwana wawo.

"Akudya? Wanenepa kapena waonda? Mutu uja umamuvutabe?"

Ndinawayankha zonse. Kenako ndinawafotokozera za mwendo, za njira ziwiri za dokotala, za mapoto pa zitseko zagalasi, za ntchito imene inatayika. Anaseka pa mapotopo mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ameneyo ndi mwana wawo ndithu, akanapita chimanjamanja akanamukana. Atatero anatembenukira kwa ine.

"Taimirirani, mwanangu. Yendani ndimve."

Ndinavula nsapato n'kuyenda pasimenti, kupita kukhomo ndi kubwerera. Anapendeketsa mutu kumvetsera.

"Mapazi akugunda mofanana," anatero. "Bwerani kuno. Balalo lili pati?"

M'nyumbamo tinali akazi okhaokha. Ndaziona anakankha chitseko, ine n'kumasula chitenje. Ndinatenga dzanja lawo n'kuliika pa chipsera. Zala zawo zinayenda pang'onopang'ono kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndendende mmene ankachitira mwana wawo.

"Ndi pano pamene ankagwira?"

"Pomwepo, Amayi. M'mawa ndi madzulo."

Anatambasula chikhatho chonse n'kuchisiya pamenepo. Misozi inkatsika m'masaya mwawo koma nkhope ikumwetulira, ndipo Ndaziona anatembenukira kukhoma.

"Anachita bwino kucheka lalikulu," anatero. "Akanakuboolani timabowoto, ine ndikanagwira pati?"